Njira ya ku Namikhate

"Ababa, inu munati msewu wa kwa agogo unapita ndi madzi. Nanga mauthenga anga amadzera kuti pokafika kwa amayi?"

Ulemu anafunsa funso limeneli m'mawa wina wa mu Okutobala, bambo ake atagwada pakhonde akumumanga zingwe za nsapato. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mano awiri akutsogolo ataguluka kumene. Gedion Namakhwa anamanga chingwe, nachimasula, nachimanganso. Kenako anati, "Fulumira, belu lilira," ndipo mwana anapita kusukulu wopanda yankho.

Senderani pafupi, nkhani iyi si yofuula.

Mkazi wa Gedion, Esinala, anachoka ku Bangwe m'mwezi wa Malichi kupita kwawo ku Namikhate, mudzi wa m'tsinde mwa phiri, kukadwazika mayi ake. Anati akakhala sabata imodzi yokha. Mvula inagwa masiku anayi osakata, ndipo usiku wachinayi phiri linang'ambika. Akuluakulu amati napolo anadutsa. Kutacha, pamene panali mudzi panali miyala ikuluikulu ngati nyumba ndi matope ofiira mpaka kudambo. Esinala sanapezeke. Mayi ake sanapezeke, ndi ena ambiri. Patatha milungu itatu, otsala anadula mathunthu a nthochi, nawakulunga m'nsalu, nawaika m'manda m'malo mwa matupi, monga mwambo unenera. Uthenga unafika kwa Gedion kawiri konse, koma iye sanapite.

"Ine sindingalire nthochi," anatero.

Mwana anamuuza kuti amayi ali kwa agogo, msewu unaduka, akaukonza abwera. Choncho madzulo aliwonse Ulemu ankatenga foni ya bambo ake, naisendeza pakamwa ndi manja awiri. "Amayi, lero ndapeza eyiti pa teni." "Amayi, dzino laguluka, ndaliponya padenga." "Amayi, aunt Felesiya sadziwa kuluka tsitsi, amakoka." Ndipo pansi pa uthenga uliwonse pankabwera timizere tiwiri, chizindikiro chakuti mawu afika pa foni ya mwini wake.

Timizere timeneti ndi timene tinkamusowetsa tulo Gedion, chifukwa iye ankadziwa kuposa wina aliyense kuti sitinayenere kubwera.

Gedion anayamba ntchito ngati wokumba ngalande za mawaya. Esinala ndi amene anamukankhira ku sukulu ya madzulo, namudikirira zaka zinayi ndi chakudya chovundikira, mpaka anakhoza mayeso, naphunzira za makompyuta, nalembedwa pa kakampani kakang'ono ka intaneti ku Limbe. Kumeneko anadziwa kuti intaneti si chinthu chimodzi ayi. Ndi manetiweki ambirimbiri oyandikana ngati midzi, ndipo pachipata cha iliyonse pali makina otchedwa rauta. Ntchito ya rauta ndi kulengeza kwa anzake: maadiresi awa ali kwa ine, wofuna kufika kumeneko adzere kuno. Anzakewo amauza anzawo, anzawonso amauza ena, mpaka dziko lonse ladziwa njira. Ndipo marauta oyandikana amalonjerana kosalekeza, pa masekondi makumi atatu aliwonse: ndilipo, ndilipo. Mmodzi akakhala chete katatu, mnzake amamufufuta, nauza onse kuti njira ija kulibenso.

Ku Namikhate kunali nsanja ya kampaniyo. Gedion ndi amene anaikwera kukamangirira makina ndi sola, apongozi ake akumuonerera pansi manja ali pamutu. Mudziwo anaupatsa chigawo chake cha maadiresi, mazana awiri ndi makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi imodzi, okwanira sukulu, msika, kachipatala ndi mafoni a anthu. Foni ya Esinala inkalumikiza pamenepo.

Usiku wa napolo Gedion anali pa ntchito. Uthenga womaliza wa Esinala unati, "Phiri likulira ngati lole yokwera chitunda." Iye akulemba yankho, rauta ya ku Namikhate inasiya kulonjera. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Maadiresi onse a mudziwo anazimirira pa sikirini iye akuona.

Apa ndi pamene anachita chinthu chimene munthu wa ntchito yake yekha angachite. Analemba mzere umodzi mu rauta yaikulu ya ku Limbe, wouza makinawo kuti apitirize kulengeza maadiresi a ku Namikhate zivute zitani, kaya kumeneko kukuyankha kaya ayi. Anadziuza kuti ndi mabatire chabe athera, dzuwa likatuluka nsanja idzuka, ndipo Esinala asadzadikire ngakhale mphindi imodzi kuti amupeze. Kutacha anamva za phiri. Mzere uja sanaufufute. Kwa miyezi isanu ndi iwiri, usana ndi usiku, makina a ku Limbe ankauza dziko lonse kuti a ku Namikhate alipo, ndipo njira yake idzera kwa ife.

Woyamba kuona zachilendo anali mlonda wa pachipata, a Likaka, nkhalamba ya nthabwala imene inagwirapo ntchito m'minda ya tiyi.

"Bwana Gedi, kodi kampani yanu yayamba kuyendetsa minibasi osatiuza?"

"Bwanji, madala?"

"Dzulo chakumadzulo panabwera gogo wina, lichero pamutu. Akuti, tamva kuti njira ya ku Namikhate idzera pano. Ndati, mayi, pano ndi pa intaneti, depoti ili kumusi uko. Wangoima. Ndati, mwadya koma? Wangoima. Ndacheuka kuti nditsegulire galimoto, pobwerera palibe munthu."

"Mwina mutu suyenda bwino."

"Mwina. Koma dzuwa la Okutobala lino, nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, iye chitenje chake chimadontha madzi. Taonani apo."

Pafupi ndi chipata panali matope ouma, ofiira, osakanikirana ndi timiyala tonyezimira ta kuphiri. Gedion anawapalasa ndi nsapato, nalowa mkati.

Sabata yomweyo m'chipinda cha makina munayamba kununkha dothi lonyowa. Chipindacho chilibe zenera, makina oziziritsa amalira usana ndi usiku, ndipo munthu salowamo ndi madzi ngakhale a m'kapu. Anasesa, anakolopa, anaitana wokonza denga. Fungo linakhalabe. Ndipo pa sikirini yoonetsa kuchuluka kwa mauthenga, kamzere ka ku Namikhate, kamene kanagona pansi kuyambira mu Malichi, kanayamba kunyamuka pang'ono dzuwa likamalowa, ngati chifuwa cha munthu wogona.

A Likaka anasiya nthabwala zawo pang'onopang'ono. Tsiku lina anati panabwera bambo wokankha njinga yopanda tcheni. Tsiku lina ana atatu a yunifolomu, ogwirana manja, opanda nsapato. Onse funso lawo linali limodzi, ndipo akawauza kuti alakwitsa sankatsutsa. Ankangowoloka msewu, nakaima patsidya, pansi pa mtengo wa jakaranda, nkhope ataloza kuchipata.

"Anthu odutsa sawalambalala, bwana," anatero a Likaka. "Komanso sawagunda. Ine sindidziwa kuti ndikufotokozereni bwanji."

Kunyumba nako zinthu zinayamba kusowa. Choyamba chinali chipeso cha Esinala, chimene chinkakhala pawindo. Kenako nsalu yake ya kwaya ya kutchalitchi, yopindidwa bwino m'sutikesi. Felesiya, mlongo wake wa Gedion amene ankasunga nyumba ndi mwana, analumbira kuti sanakhudze. Gedion sanakwiye. Kunena zoona, mumtima mwake munali kachimwemwe kochititsa manyazi. Ankati akadzuka, ankayamba wayang'ana chimene chasowa, ngati munthu woyang'ana kalata.

Kenako zinthu za Esinala zinasiya kusowa, ndipo zinayamba kusowa za mwana.

Kapu yake ya pulasitiki yobiriwira. Juzi yake ya kusukulu. Mswachi. Kabudula wogonera ndi timadiresi tiwiri.

"Achimwene," anatero Felesiya akupukuta manja m'chitenje, mawu ali pansi kuti mwana asamve, "wakuba satenga mswachi. Izi zikungokhala ngati wina akumulongedzera za pa ulendo."

"Usamalankhule zopanda pake."

"Ndiye mundiuze chifukwa chimene mwanayu akudzuka mapazi ali ndi matope, ine ndinamusambitsa."

Loweruka kunabwera mlendo weniweni, wa thupi ndi thukuta. Anali a Muhiwa, malume ake a Esinala, mwini mbumba, amene anapulumuka chifukwa usiku wa napolo anagona ku maliro mudzi wina. Anakana mpando, nakhala pamkeka. Anamwa madzi makapu awiri asanayambe.

"Bambo a Ulemu, ine sindinabwere kudzakangana. Mwana wathu munamusunga bwino, tonse tinkaona. Koma kumsasa kumene tikukhala anthu sakugona. Aliyense akulota chimodzimodzi. Abale athu ali pa msewu, akuyenda, sakufika. Ife tinaika, tinameta, tinatsiriza zathu. Akuluakulu akuti pali wina amene akuwaitanabe."

"Ine sindinaone thupi, malume."

"Nanga ine ndinaliona? Ndinaika mlongo wanga, mdzukulu, ndi mkazi wanga, zonse nthochi. Mukuganiza kuti sindinkadziwa kuti ndanyamula nthochi? Nthochi ija si ya kunamiza amoyo ayi. Ndi ya kuuza wopitayo kuti tamva, pita, sitikudikiranso pakhomo." Anayang'ana Ulemu amene ankasewera fulaye ndi anzake pabwalo. "Uyu munamuuza?"



"Mvula ili pafupi," anatero a Muhiwa podzuka. "Musalole kuti iwapeze ali panjira."

Lolemba, mkulu wa mainjiniya, mayi Nyirongo, anamuitana mu ofesi mwawo natseka chitseko. Anali munthu wosachulutsa mawu. Anatembenuza sikirini kuti aone, ndipo mzere wake uja unali pamenepo, ndi tsiku ndi dzina lake pambali.

"Anzathu a netiweki yoyandikana nayo andiimbira. Akuti, mumalengeza bwanji malo amene kulibe nsanja? Ndinawayankha kuti ndifufuza, koma ndinadziwa kale." Anavula magalasi. "Gedion, ine ndikhoza kufufuta izi pompano, ndi chala chimodzi. Sindichita. Lamulo la pano ukulidziwa, wolemba mzere ndiye amaufufuta. Komanso uwu si mzere wa kampani, ndi wako."

"Koma mauthenga akufika, mayi. Onani kamzereko. Kuli china chake chikuyankha."

"Ndakaona. Ndagwira ntchito iyi zaka makumi awiri, ndipo sindikufuna kudziwa chimene chikuyankhacho. Iwenso usafune."

"Ndichotsa mawa."

Mawa linafika, iye anatinso mawa. Madzulo ake Ulemu anatumiza uthenga wakuti wapambana pa mpikisano wothamanga, timizere tiwiri tinabwera, ndipo Gedion analowa m'bafa nalira mwakachetechete, madzi akutuluka pa mpope kuti asamveke. Akanafufuta bwanji? Malinga ngati mzere uja unalipo, panali malo ena pansi pa thambo pamene mawu a mwana wake ankafika m'khutu la mayi wake.

Lachinayi kunatentha modabwitsa. Chakumadzulo mitambo yakuda inaunjikana kummawa, mphepo inaima, ndipo magetsi anazima dera lonse. Gedion anali atangotsika minibasi ku Bangwe pamene anaona Felesiya akuthamanga kubwera kwa iye, mpango uli m'manja.

"Ulemu! Ndinamusiya pakhonde akulemba homuweki, ndalowa kukayatsa mbaula, potuluka palibe. Ndafunsa nyumba zonse."

Anthu oyandikana nawo anali atatuluka kale ndi matochi, akuitana dzina la mwana m'ngalande ndi kuseri kwa zimbudzi. Gedion anaima pakati pa msewu. Pamenepo foni yake inalira. Anali a Likaka, ndipo mawu awo sanali a munthu amene ankawadziwa.

"Bwana, bwerani. Mwana wanu ali pano. Ndamugwira dzanja, koma bwerani msanga, ine ndakalamba."

Kuchokera ku Bangwe kufika pa ofesiyo ndi ulendo wa ola lathunthu kwa munthu wamkulu woyenda mofulumira. Mwanayo anali atasowa kwa mphindi zosakwana makumi awiri.

Wa kabaza amene anamunyamula anaima patali ndi chipata, nakana kupitirira. Anati njinga yalemera mwadzidzidzi. Gedion anatsika nayamba kuthamanga, kenako anayamba kuyenda, chifukwa msewu unali wodzaza. Sanaone nkhope ya munthu aliyense. Mdima unali utagwa, ndipo iye anayang'ana pansi dala. Koma ankamva kuzizira mbali zonse ziwiri, ngati akudutsa pakati pa zovala zonyowa zoyanikidwa pa chingwe, ndipo paliponse pankamveka kudontha, tho, tho, tho, pa phula louma. Panalibe wotsokomola, panalibe wolira. Ankangomupatukira pang'ono kuti adutse, mwaulemu, monga anthu apatukira mwini nyumba.

Pachipata a Likaka anali atakhala pansi, msana atatsamira chitsulo, manja onse awiri atagwira mkono wa mwana. Ulemu anali atavala juzi yake yosowa ija, mabatani onse omangidwa bwino mpaka pakhosi, mmene iye yekha sankathera. Tsitsi lake linali lolukidwa kumene, mizere yowongoka, yosakoka. M'dzanja lina ananyamula jumbo, ndipo m'jumbomo munkaoneka kapu yobiriwira. Miyendo yake inali matope mpaka m'mawondo.

"Ababa!" anatero mokondwa. "Auzeni agogowa andisiye. Amayi akuti njira ili m'katimo, tonse tikungodikira inu mutsegule."

Gedion anamunyamula. Mwanayo anali wozizira ngati mwala wa kumtsinje. Analowa naye, ndipo a Likaka anatseka chipata pambuyo pawo, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti chitsulo si chimene chinkaletsa anthu aja kulowa.

M'chipinda cha makina jenereta inali itayatsa nyali. Pansi ponse panali madzi osaya, ofiira, ndipo m'kabati ya rauta yaikulu munkamveka phokoso la mtsinje wakutali. Anakhazika mwana pamiyendo pake, dzanja limodzi atamukoleka nalo m'chiuno, natsegula kompyuta ndi dzanja linalo. Mwanayo ankakokera kukabatiko pang'onopang'ono, osati mwamakani, koma ngati chinthu chotengedwa ndi madzi. Mzere uja unabwera pa sikirini. Gedion analemba lamulo loufufuta, mawu ochepa chabe. Chinatsala ndi kudina batani limodzi.

Chala chinakana.

Pamenepo foni inanjenjemera m'thumba. Kwa miyezi isanu ndi iwiri mauthenga ankapita mbali imodzi yokha. Uwu unali wobwera. Dzina la Esinala linali pamwamba pake, uthenga wa mawu, masekondi asanu ndi anayi.

Anauika pakhutu kuti mwana asamve. Poyamba munali madzi okhaokha, ndi miyala ikugubuduka pansi pa madziwo. Kenako mpweya wa munthu wotopa kwambiri. Kenako mawu, apansipansi, amene iye akanawazindikira ngakhale pakati pa msika.

"Gedi, tseka. Mwana akandiitana sindingathe kusabwera. Ndipo ndikabwera sindingathe kumusiya."

Anaumvetsera kamodzi kokha. Anafuna kuyankha, anafuna kumuuza kuti tsopano anayamba kuwerengera digiri monga iye ankamulimbikitsira, kuti zovala zake zili momwe anazisiyira, kuti usiku uja analemba yankho koma silinapite. Anasendeza foni pakamwa monga achitira mwana. Kenako anazindikira kuti kuyankha ndi kuitananso. Anaika foni pa tebulo chafufumimba, nakumbatira Ulemu mwamphamvu mpaka mwanayo anadandaula, nadina batani.

Makina sadziwa chisoni. Rauta ya ku Limbe inauza anzake oyandikana nayo kuti maadiresi a ku Namikhate sali kwa ine, njira ija kulibenso. Anzakewo anauza anzawo. Gedion anaona pa sikirini uthengawo ukufalikira, netiweki ndi netiweki, kudutsa malire, kutsikira kunyanja yamchere, kukafika ku mayiko amene sadzawaponda, kwa makina a anthu amene sanamvepo dzina la mkazi wake. Uliwonse unkalandira, nufufuta, nupereka kwa wotsatira. Sizinathe mphindi ziwiri. Uthenga wa maliro umene iye anakanika kuunyamula kwa miyezi isanu ndi iwiri unazungulira dziko lonse iye asanapukute misozi.

Phokoso la mtsinje linachepa, linachepa, mpaka munatsala kulira kwa makina oziziritsa. Thupi la mwana linalemera pamiyendo pake monga lilemerera thupi la mwana wogona, ndipo kutentha kunayamba kubwerera m'manja mwake.

A Likaka, amene anaonerera pa mpata wa chipata, amati anthu aja sanazimirire ngati utsi ayi. Anatembenuka mmodzimmodzi, gogo wa lichero, bambo wa njinga, ana ogwirana manja, nayamba kuyenda kulowera kummawa, kumene kuli phiri, mosafulumira, ngati anthu amene tsopano auzidwa zoona. Mmodzi yekha anatsalira. Anaima pafupi ndi chipata kwa kanthawi, dzanja atagwira chitsulo, akuyang'ana chitseko cha chipinda cha makina. A Likaka anavula chipewa, nati, "Mwana ali bwino, mayi. Ali ndi bambo ake." Ndipo amati mpaka lero sadziwa ngati anamva, koma dzanja lija linachoka pachitsulo.

Mvula yoyamba inagwa iwo ali m'njira yobwerera, ya madontho akuluakulu, yonunkhira fumbi. Gedion anakana kabaza. Anabereka mwana kumbuyo ndi nsalu imene a Likaka anamubwereka, nayenda wapansi, jumbo ija ili m'dzanja. Atafika pa chitunda cholowera ku Bangwe, Ulemu anadzuka.

"Ababa, tili kuti?"

"Tikupita kunyumba."

"Ndinalota amayi akundiluka tsitsi." Anatambasula dzanja. "Ndipatseni foni ndiwauze."

Gedion anaima pansi pa khonde la golosale yotseka. Akanatha kunena kuti batire yatha. Anamutsitsa, namupatsa foni. Mwanayo anaigwira ndi manja awiri, nanena za maloto ake, ndi za mvula, ndi kuti ababa amubereka ngati khanda anthu akuona. Anatumiza, nadikira. Panabwera kamzere kamodzi. Anadikirabe, akugwedeza foni, akuikweza m'mwamba monga amaonera akuluakulu akuchita.

"Sunafike," anatero.

Gedion anagwada m'madzi kuti maso awo alingane. Anamupukuta mvula pamphumi ndi chala chachikulu, nagwira timanja take tonse tiwiri pamodzi ndi foniyo.

"Ulemu, tsiku lija unandifunsa kuti mauthenga ako amadzera kuti, ine sindinakuyankhe. Ankadzera kwa ine. Ine ndi amene ndinauza aliyense kuti njira ya kwa amayi ako ndikuidziwa, chifukwa ndinkaopa. Sindikuidziwa, mwanangu. Amayi ako anapita ndi madzi aja, iwo ndi agogo, ndipo sabweranso. Zonse unawauza anamva, ndi za dzino zomwe. Koma atopa, akufuna kugona, ndipo ife tiwalole. Loweruka tipita kwa agogo a Muhiwa akationetse pamene anawaika, tikalire tonse awiri mokweza. Ndipo kuyambira lero, ukapeza eyiti pa teni, uzindiuza ine. Ine ndilipo."